Khomo Lomwe Amayi Ankapapasa

Lolemba, 5 Meyi

Mabeseni pabalaza ponse. Denga likudontha ngati dengu. Achimwene abwera masana ndi munthu wawo womanga masitolo uja, wamimba, fungo la perefyumu kuyambira pageti. Wayendayenda pabwalo akuyeza ndi mapazi, nyumbayo osaiyang'ana n'komwe. Iye akufuna malo. Nyumba agumula.

Ndakalipa pamaso pa mlendo, ndipo sindikudandaula. Ine ndinabadwira muno. Amayi akalambira muno, mutu wawo unayamba kuthawa ali muno, ndipo chinthu chimodzi chomwe sanaiwale ndi njira yochoka kuchipinda kwawo kupita pakhonde.

Mapeto ake tagwirizana chonchi. A bungwe losunga nyumba zakale adzaione pa 6 Juni. Akailandira, denga akonza iwo ndipo palibe angaigwetse. Akaikana, achimwene agulitsa, Amayi akakhala kwa iwo, kunyumba yosanja ija yongokwera masitepe. Mapepala a nyumba bambo anasiyira achimwene. Ine anandisiyira Amayi ndi mabeseni.

Amayi lero bwinoko. M'mawa andidziwa, masana anditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Madzulo ayambanso za khoma lija la m'kolido, pafupi ndi khitchini. Kulipapasa, kufunafuna chogwirira. "Wakiya apa ndani?" Palibe khomo pamenepo, chibadwire changa ndi khoma basi. Adokotala anati tisamatsutsane nawo, ndiye ndangoti makiyi ndiwafuna mawa.

Lachitatu, 7 Meyi

Mayi wa kubungwe wabwera. Wamng'ono kwa ine, nsapato zachimuna, kampeni kopalira penti m'thumba. Ndam'patsa kale dzina mumtima, Mayi Kampeni. Tiyi wakana, wangolunjika kukhoma.

Ntchito yake ndi kupala penti. Kachigamba kakang'ono ngati bokosi la machesi, kenako kena pambali pake kozamirako, kenanso, mpaka afike papulasitala. Pabalaza wapeza kirimu wathu wapanoyu, pansi pake buluu uja tinapaka pa ukwati wa achimwene, kenako pinki amene ndikumukumbukira patalipatali ndili kamwana. Pansi pa zonsezi wobiriwira wina woderako, woti sindinamuonepo. Akuti ameneyo ndiye weniweni.

Weniweni bwanji? Buluu wathu anali wabodza? Ndafunsa moseka, iye wayankha mosaseka. Lamulo lawo ndi lakuti nyumba ibwerere mmene inalili pomangidwa. Zimene anthu anawonjezera pambuyo pake zichoke, zimene anachotsa zibwerere. Anthu akunenedwawo ndi ife, koma ndangogwedeza mutu. Ndimaganiza za denga.

Akuti inamangidwa ndi banja lina lolemera, ogulitsa nsalu. Ine ndimangodziwa kuti bambo ndi Amayi anaigula ili bwinja, eni ake atasamuka. Zambiri sindinafunsepo.

Laimu wakwera mtengo. Mapiritsi a Amayi atsala a sabata ino yokha.

Lachinayi, 8 Meyi

Mutu wanga sukugwira.

Mayi Kampeni amagogoda makoma ndi msana wa kampeni kake, khutu atagunditsa. Atafika m'kolido waima. Wagogodanso. Waitana amisiri amene ndalemba ntchito yokonza nyumbayi kuti asende pulasitala pang'ono. M'katimo njerwa zina, zazing'ono, zokhotakhota, zomata ndi simenti osati laimu ngati khoma lonse. M'mbali mwake felemu la thabwa.

Khomo. Pamalo penipeni pomwe Amayi amapapasa.

Nthawi yonseyi ndakhala ndikuwagwira dzanja kuwachotsa pamenepo, adokotala n'kumawonjezera mapiritsi. Ndiye wosokonezeka ndani m'nyumba muno?

Kuseri kwa khomalo ndi kachipinda kaja timasungamo makala ndi njinga yakufa ya bambo, kolowera chakunja. Ine ndimangoti ndi sitolo. Mayi Kampeni akuti nyumba zamtunduwu zonse zinali nako, kogona antchito, ndipo khomoli linali lawo lolowera m'nyumba kuti asamadutse kumaso. Akuti tilitsegule. Kwa iwo ndi chuma.

Ndathamanga kukawauza Amayi kuti munkanena zoona, khomo lilipo! Andiyang'ana ngati ndawauza kuti madzi ndi onyowa. Kenako afunsa ngati ndasita nsalu zapatebulo. Ife sitinakhalepo ndi nsalu zapatebulo.

Lamlungu, 11 Meyi

Dzulo tinagumula. Ndinapempha nyundo kuti woyamba kumenya ndikhale ine. Njerwa yoyamba itagwera kuseri, kuwala kunalowa m'kolido momwe chibadwire changa timayatsa getsi ngakhale masana. Tinaomba m'manja, ine, amisiri, Mayi Kampeni. Fumbi m'tsitsi, m'mano, m'makapu.

Amayi anali m'tulo. Atadzuka anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ine ndikuwadikira kuti ndione nkhope. Sanadabwe. Sanapapase. Anangodutsa, n'kutsika bwinobwino kasitepe kobisika kamene ine kandipunthwitsa kale kawiri. Anakhala pa chidebe m'kachipindamo, ali phee, manja pamiyendo, nkhope yosalala ngati ya munthu wafika kwawo.

Ndinalira. Chisangalalo chenicheni. Ndinaimbira achimwene kuti mwaona, nyumba yomwe mukufuna kugwetsayi yawachiritsa. Iwo: "Khomo si mankhwala, iwe."

Chokhacho, akadziwa bwanji kasitepeko? Mwina atagula nyumba anakhala zaka zingapo khomo lili lotsegula, ine ndisanabadwe. Ziyenera kukhala zimenezo. Nanga analitsekeranji, poti m'kolido mumada chonchi?

Msana ukuwawa. Kutchalitchi sindinapite.

Lachiwiri, 13 Meyi

Penti wobiriwira uja tapaka pabalaza ndi m'kolido. Anachita kusakaniza mpaka kufanana ndi kachigamba ka Mayi Kampeni. Nyumba yada, yakhala ngati ya eni. Mipando yathu ikuoneka ngati alendo odikira kuti awalandire.

Amisiri akwera musiling'i kukaona chiswe, atsika ndi nkhani ina. Chitseko cha khomo lija chili momwemo, chogonekedwa, chabwinobwino. Komanso waya wopyapyala woyenda pa timawilo, kuchokera pabalaza mpaka m'kachipinda kaja, kumapeto kwake kabelu kolendewera pa kachitsulo kopindika. Pabalaza munthu ankakoka chingwe, kuseriko n'kulira. Mayi Kampeni anangotsala pang'ono kuvina. Akuti m'nyumba zina anazula kalekale, ndipo khomo ndi belu zokhazi n'zokwanira kuti akuluakulu ake avomere. Wauza amisiri abwezeretse zonse.

Ndiye kuti tapambana? Ndimayenera kusangalala.

Amayi akana kudyera patebulo. Anyamula mbale yawo kukadyera chiimire kukhitchini. Nsapato avula, akaziika m'kachipinda. Ndawafunsa ngati miyendo yatupa, ayankha motsitsa mawu kuti nsapato zimadetsa pansi. Ndikalowa pabalaza ndikuwapeza ataima pafupi ndi khoma, mpando wawo wa masiku onse uli wopanda munthu. Kapena ndi fungo la penti. Ndatsegula mawindo onse.

Loweruka, 17 Meyi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Achimwene anabwera m'mawa kudzaona zimene amazitcha misala yanga. Ndinawazungulitsa monyada, khomo, chitseko, penti. Tinakhala pabalaza. Anaona chingwe chatsopano pafupi ndi windo, ndinawafotokozera, iwo n'kukoka. Mwachibwana basi, mmene amachitira ndi chilichonse chokokeka chiyambire ali mwana.

Belu linalira kuseri, kamawu kakang'ono ndithu.

Amayi amene ndimachita kuwadzutsa pampando ndi manja awiri. Amene amatenga nthawi yaitali kuchoka kuchipinda kufika pakhonde. Tinangoona ali pakhomo la pabalaza, opanda ndodo, opanda nsapato, manja kumbuyo, maso pansi. "Mwaitana, bwana?"

Achimwene anaseka, kuyesa nthabwala, poti Amayi kale anali anthabwala. Anati eya, tiyi. Amayi anatembenuka. Ine ndinauma pampando. Tinamva makapu kukhitchini. Anabwera ndi thileyi, tiyi akutayikira m'mbale, anaika patebulo n'kubwerera chafutambuyo. Pakhomo anaima n'kuyang'ana kwa ine, osati m'maso, chapachifuwa apa. "Adona, shuga watsala pang'ono. Koma ine sindinatengeko."

Mayi anga ondibala. Kundiopa ine.

Achimwene kuseka kunatha. Anatuluka osatsanzika. Ndinawaona pawindo atakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza, chipumi chili pachiwongolero.

Tiyi uja palibe anamwa. Ndinamutaya mobisa kuopa kuti Amayi angaganize kuti analakwitsa.

Lolemba, 19 Meyi

Ndaimbira azakhali, mlongo wawo wa bambo. A msinkhu umenewo atsala okhawo. Ndafotokoza zonse, khomo, belu, tiyi. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Anakuuza ndani kuti utsegule?"

Akuti Amayi analowa m'nyumba muno ali kamtsikana, mabere asanamere. Wantchito wa ogulitsa nsalu aja. Kukolopa, kuchapa, kulera ana a eni, kugona m'kachipinda kamakala kaja. Bambo ankabweretsa katundu wa kusitolo pa njinga, n'kumaimirira pakhomo lakuseri, ndi mmene anadziwirana. Patapita zaka, nyumba itasanduka bwinja, Amayi ndiwo anaumirira kuti agule imeneyi, pomwe zinalipo zina zabwino ndi zotchipa. Amayi anauza abale onse kuti ana asadzamve zimenezi.

Ndafunsa chifukwa chake. Azakhali: "Kawafunse amako." Kenako aseka kowawa, poti tonse tikudziwa kuti wofunsidwayo kulibe.

Ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Sindikudziwa chomwe ndikumva. Manyazi ayi. Mkwiyo pang'ono, koma kwa ndani? Zinthu zikungobwera zokha. Amayi sanalolepo kuti tilembe wantchito, ngakhale nthawi ija anathyoka mkono. Wogulitsa makala, wosoka nsapato, wopemphetsa, aliyense ankamulowetsa khomo lakumaso n'kumukhazika pampando wabwino, ife n'kumachita manyazi pamaso pa anzathu. Ndinkati ndi kupembedza kwambiri.

Ine ndimayesa ndikusunga nyumba ya Amayi. Kani ndikumanganso nyumba ya mabwana awo, iwo ali momwemo?

Lachisanu, 23 Meyi

Akumadzuka ine ndisanadzuke. Ndikumawapeza atagwada m'kolido ndi chisanza, mawondo atatupa. Ndikawalanda akupepesa. Masana akumakagona pa masaka m'kachipinda, ndikawabwezera pabedi pawo akumakhala m'mphepete mwenimweni, kuopa kukwinya nsalu. Chiyambire Loweruka sananditchulepo mwana wanga. Kale ankasokoneza dzina, koma ankadziwa kuti ndine wawo.

Belu ndalimanga ndi sanza. Sizinathandize, akumalimva ngakhale lisanalire.

Ndinakankhira kabati pakhomo lija. Anayesa kuisuntha okha, adzisupula chigongono. Ndaichotsa.

Ndamuuza Mayi Kampeni zonse. Anamva chisoni, chenicheni, mpaka anandigwira dzanja. Koma ndinaona maso ake akuyera pang'onopang'ono. "Ndiye kuti tili ndi mboni yamoyo. Angalole kuwajambula mawu?" Ndinatsala pang'ono kumuponyera chidebe cha penti. Si woipa, ndi mmene mutu wake unapangidwira, akaona khoma amaona zapansi pake.

Ndafunsa ngati tingatsekenso khomolo, penti tibwezere kirimu, iwo angokonza denga. Akuti ayi. Popanda khomo ndi belu ndi nyumba yakale wamba, zoterezo zilipo zambiri ndipo akuluakulu ake sangataye nazo nthawi.

Achimwene aimba madzulo. "Achotse m'menemo, mlongo wanga. Tigulitse, abwere kuno." Koyamba kuwamva akulankhula za nyumbayi mopanda dyera m'mawu. Zandisokoneza kuposa akamakalipa. Ndinazolowera kuti iwo ndi olakwa, ine wolungama.

Khomo likhale, nyumba ipulumuka, Amayi akhala wantchito mpaka imfa. Nditseke, nyumba igwa, Amayi alibe kwawo. Ndazitembenuza uku ndi uku, zikungotuluka chimodzimodzi.

Lachiwiri, 3 Juni

Sindinalembe. Kunalibe mphamvu.

Tinayesa za achimwene. Sabata yatha tinawatengera Amayi kwawoko, kuwanyamula pamasitepe ngati katundu. Alamu anayesetsa, ndisaname. Koma Amayi sanadye. Anamanga zovala zawo m'kansalu n'kuima pachitseko tsiku lonse, akuti akachedwa adona awachotsa ntchito ndipo kwawo kuli ang'ono awo oti adye. Tsiku lachitatu achimwene anawabweza okha. Potsika m'galimoto Amayi anakana khomo lakumaso, anazungulira kuseri. Achimwene anangondiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Za kugulitsa sanatchule, za kusagulitsa sanatchulenso.

Ndatulukira kanthu mwangozi. Tsiku lina ndinali ndi zovala zogwirira ntchito, mpango kumutu, wopanda nsapato, ndinalowa m'kachipinda kudzera panja kukatenga makala. Amayi anandiona n'kumwetulira. Anasendera kundipatsa malo pa saka. "Bwera, mnzanga, apita kokayenda."

Akundiyesa wantchito mnzawo. Ndipo mmene akuchezera! Anaimirira n'kuyamba kutsanzira mayendedwe a adona, mphuno m'mwamba, kachala kakupukuta pawindo kufufuza fumbi. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa, iwonso kuseka, kuseka kwa kamtsikana, koti sindinakumvepo moyo wanga wonse. Anandionetsa pobisa shuga kuseri kwa njerwa yogwedera. Kani ankatengako!

Ndiye masiku ano ndikumasintha zovala ngati wa zisudzo. Pabalaza ndine adona, m'kachipinda ndine mnzawo. Palibe chipinda chomwe ndili mwana wawo. Koma m'kachipindamo akusangalala, akudya, akundigwira dzanja. Ndiye ndawapweteka kapena ndawapeza? Kamtsikana aka sindikanakadziwa khomo likanakhala lotseka. Ndikamaganiza choncho ndikudziona ngati wakuba.

Amisiri amaliza zonse, nyumba ikuwala. Akuluakulu a bungwe abwera Lachisanu m'mawa.

Lachinayi, 5 Juni

Masana tinakhala pa masaka awirife tikupukuta masupuni. Chitseko chotsegula pang'ono, kolido yobiriwira ikuoneka. Amayi anasuzumira, anamvetsera ngati kukubwera munthu, kenako anandikoka khutu kufupi ndi pakamwa pawo.

Anati ndisauze munthu. Anati nyumba iyi adzaigula iwo. Ndisaseke, akunena zoona, sakudziwa kuti liti koma adzaigula. Ndinati ndakhulupirira. Ndinafunsa kuti akadzagula adzayamba ndi chiyani, ndimayesa anena makatani kapena mipando.

Analoza khomo ndi supuni. Anati tsiku loyamba lomwelo adzalitseka ndi njerwa, okha, ndi manja awo, ngakhale samadziwa kumanga. Adzamata, adzapaka penti.

"Ndidzakhala ndi mwana wamkazi. Ameneyo sadzadziwa n'komwe kuti apa panali khomo."

Ananena akumwetulira, n'kubwerera ku masupuni.

Ndinatuluka panja kuti asandione nkhope.

Ndaimbira amisiri kuti alawirire mawa, abwere ndi simenti. Afunsa kuti simenti wa chiyani poti ntchito inatha, ndipo alendo aja akubwera m'mawa womwewo. Ndati angobwera naye. Mayi Kampeni sindinamuuze. Achimwene ndaimba, foni italira kamodzi ndadula. Sindikudziwa ngati mawa ndidzatsegula thumba la simentilo kapena ndidzakhala pa ilo n'kuwalandira alendo. Ndikatseka, nyumba ipita, ndipo kamtsikana kaja sindikudziwa ngati kadzatsalira mbali ino ya khoma kapena...

Akuitana. Akuti mnzanga, bwera, masupuni sanathe.